Kiniassa, Mang'anja, Cinyanja: mayina amene amatibisira mabuku athu

Sabata yatha aphunzitsi anatituma kuti tiunike ngati nkhokwe ya mabuku ya pa intaneti imene laibulale yathu imalipira ikufikirika ndi aliyense. Ine ndinkayesa kuti ndingolemba za netiweki yovuta ndi timalemba ting'onoting'ono, basi. Koma nditalemba "Chichewa" m'kabokosi kofufuzira, mabuku akalekale amene ndimawadziwa sanatuluke. Kunali zii. Chifukwa chake chili m'mbiri ya chiyankhulochi.

Dzina loti Chichewa linakhazikika mu 1968, pamene msonkhano waukulu wa MCP unagamula kuti chikhale chiyankhulo cha dziko. Kumbuyo konseko olemba ambiri ankati Chinyanja kapena Chimang'anja. Mtanthauziramawu wa Johannes Rebmann wa mu 1877 uli pa dzina loti "Kiniassa", ndipo mawuwo anawatolera ku Kenya, kuchokera kwa Salimini, munthu wa kuno kwathu amene anagwidwa ukapolo. Wa David Clement Scott wa ku Blantyre, wa mu 1892, umati "Mang'anja". Ndiye tandiuzani, wophunzira wa chaka choyamba angalote bwanji zolemba "Kiniassa"?

Kalembedwe nako kanasinthasintha. Buku Lopatulika la 1922 limaika "c" pomwe ife timalemba "ch", komanso "bv" pomwe lero pali "v": Cibvumbulutso. Anzathu a ku Zambia mpaka pano amalemba Cinyanja. Malamulo a Chichewa Board a mu 1973 anathandiza m'masukulu, inde, koma kompyuta palibe anaiuza kuti "bvuto" ndi "vuto" ndi mawu amodzi.

Chinandikhudza kwambiri ndi cha mnzanga wosaona amene tinkayesa naye. Masamba ambiri akale anangojambulidwa ngati zithunzi, ndiye pulogalamu yake yomuwerengera mokweza inangoti chete. Pomwe makina anayesa kuzindikira zilembo, ŵ anasanduka zinyalala, ndipo "ng'ombe" anaduka pawiri: "ng" payekha, "ombe" payekha. Tinaseka, koma iyeyo ali ndi kafukufuku woti apereke mwezi wamawa, ndipo amadikira kuti wina apeze mpata womuwerengera.

Mu lipoti langa ndapempha kuti mayina onsewa alumikizidwe pansi pa chizindikiro cha "nya", chimene ISO 639 inapereka kale ku chiyankhulochi, komanso kuti masamba ojambulawo alembedwenso ndi anthu odziwa kalembedwe kakale. Pakadali pano, mukamafufuza, yesani "c" ndi "ch" yemwe.