Mbiri ya mkungudza ndi luso loteteza matabwa ndi moto

Mkungudza wa ku Mulanje ndi mtengo umene kwa zaka zoposa 100 unalibe mnzake pa nkhani ya matabwa omangira kuno ku Malawi. Thabwa lake ndi lopepuka, losavuta kupala, ndipo lili ndi mafuta onunkhira amene chiswe ndi tizilombo tofumbula matabwa zimadana nawo. Likanyowa siliwola msanga. M'madera otentha ngati Ntaja m'boma la Machinga, kumene chiswe chimatha kudya felemu ya chitseko nyumba ikadali yatsopano, thabwa lotere ndi chuma chenicheni.

Padziko lonse, mtengowu umamera wokha pa phiri la Mulanje basi, m'zigwa za pamwamba, pa mtunda wa mamita pakati pa 1,800 ndi 2,500. Umakula pang'onopang'ono mpaka kufika mamita 40. Anthu a m'munsi mwa phirilo ankaudziwa kuyambira kale, koma mbiri yake yolembedwa imayamba mu 1891, pamene Alexander Whyte, katswiri wa zomera wa ku Scotland amene ankagwira ntchito pansi pa Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, anakwera phirilo natenga nthambi zake, zimene zinatumizidwa ku London. Mu 1894 akatswiri anaupatsa dzina loti Widdringtonia whytei.

Boma la atsamunda, limene linkamanga likulu lake ku Zomba, silinachedwe kuupezera ntchito. Mitengo inkachekedwa pamwamba pomwepo. Chipika chinkaikidwa pa thandala, wina n'kuima pamwamba, mnzake pansi, n'kumakokerana sowo yaitali, utuchi ukugwera wa pansiyo kumaso. Matabwa akatuluka, amuna ankawasenza pamutu n'kutsika nawo m'njira zotsetsereka za pamiyala, ambiri osavala nsapato. Matabwawo anapanga mitanda ya madenga, zitseko, mawindo, mipando ndi maboti. Ena ankadulidwa tizidutswa topyapyala tofolera denga m'malo mwa malata, ena ankakutira makoma. Nyumba zogona alendo pamwamba pa phirilo, monga za ku Chambe ndi ku Thuchila, zinamangidwa ndi mkungudza womwewu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 boma linaudzalanso pa phiri la Zomba, ndipo mu 1927 linalengeza kuti phiri la Mulanje ndi nkhalango yotetezedwa.

Mkungudza sunali mtengo wa munthu wamba. Wa kumudzi ku Machinga ndi ku Balaka ankamanga ndi zimene tchire lake linali nazo: muwanga ndi naphini pa nsanamira, tsanya kumadera a m'chigwa cha Shire, mlombwa pa chitseko ndi mpando. Kuwonjezera pa kudziwa mitengo, anali ndi njira ina yotetezera, ndiyo moto. Asanazike nsanamira, mphanda ya nkhokwe kapena mtengo wa khola, ankaika tsinde lake pamoto n'kumalitembenuza mpaka lide mbali zonse, kenako n'kulizimitsa ndi dothi. Gawo lowaulidwalo ndi limene linkalowa m'dzenje. Njirayi ikuchitikabe m'midzi ina, ngakhale achinyamata ambiri amaiona ngati yachikale.

Mu 1984 Dr Hastings Kamuzu Banda analengeza kuti mkungudza ndi mtengo wa fuko la Malawi. Ulemuwo sunauteteze. Mu 1986 nsabwe za mitengo zochokera kunja zinapezeka m'dziko muno, koyamba mu Africa, ndipo zinaumitsa minda ya saipuresi yodzalidwa n'kukhudzanso mkungudza wa pa phiri. Moto wolusa wa chaka ndi chaka unkapha mbande. Choopsa koposa chinali lamulo lokhala ndi cholinga chabwino, loti ziphaso zizilola kucheka mitengo youma yokha. Anthu ena anayamba kusenda khungwa kuzungulira tsinde kapena kuyatsa moto pansi pake kuti mtengo uume, aucheke mwalamulo. Ena sankadikira ngakhale chiphasocho. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha pa phiri lonse, ndipo chaka chotsatira nayonso inali itagwa. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, mogwirizana ndi Forestry Research Institute of Malawi ya ku Zomba ndi Botanic Gardens Conservation International, ladzala mbande zambirimbiri, koma mbande ya lero sidzapereka thabwa kwa mmisiri wa m'badwo uno.

Choncho kalipentala wa pa Ntaja lero amagwira paini, bulugamu ndi malaina. Mlombwa ndi mbawa zikusowa ndipo mtengo wake ndi woboola m'thumba, pamene nkhalango ya Liwonde ndi mapiri a Chikala akutha chifukwa cha kuotcha makala. Paini ndi wofewa, chiswe chimamukonda. Omanga ambiri amapaka mapaso oilo wakuda wotsala m'injini za galimoto, amene amanunkha, amadetsa dothi ndipo akagwira moto amayaka kwambiri. Mankhwala a m'sitolo alipo, koma si onse angakwanitse.

Dziko la Japan linakumana ndi vuto lofanana, la kutha kwa mitengo yabwino ya matabwa, zaka mazana apitawo. Mtengo wake wolemekezeka ndi hinoki, wa m'banja limodzi ndi mkungudza, wonunkhira ndiponso wosawola. Kachisi wa Horyu-ji ku Nara, amene mbali zina zake zinamangidwa ndi hinoki zaka pafupifupi 1,300 zapitazo, ali m'gulu la nyumba zamatabwa zakale kwambiri padziko lonse. Kachisi wa ku Ise amamangidwanso mwatsopano ndi hinoki zaka 20 zilizonse. Komaliza munali mu 2013. Kumanga mizinda ndi nyumba za mafumu kutatsala pang'ono kumaliza nkhalango za m'chigwa cha Kiso, olamulira a ku Owari, amene ankayang'anira derali, analetsa kudula hinoki ndi mitundu ina ingapo ya mitengo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700, ndipo chilango chake chinali choopsa. Kusiyana kwake ndi Mulanje n'koti lamulolo linatsatidwa, nkhalango zinabwerera.

Wamba wa ku Japan ankamanga ndi sugi, mtengo wofewa, wokula msanga ndi wotsika mtengo. Kumadzulo kwa dzikolo, makamaka m'midzi ya m'mbali mwa nyanja kumene mphepo yamchere ndi chinyezi zimaononga matabwa, amisiri anazolowera kuwaula matabwa a sugi asanawakhomere kunja kwa khoma. Luso limeneli amalitcha yakisugi. Amatenga matabwa atatu aatali n'kuwamanga pamodzi ndi chingwe, m'mbali mwake mogundana, kuti pakati pakhale mphako ya ngodya zitatu. Amawaimika, n'kuyatsa pepala kapena utuchi pansi pa mphakoyo. Mpweya umakoka moto kukwera nawo ngati m'chumuni mpaka malawi kutulukira pamwamba. Mmisiri amakanula pang'ono mogundanamo ndi chitsulo kuti moto ufike m'mphepete. Pakangopita mphindi zochepa amagwetsa matabwawo, kuwamasula n'kuthira madzi. Mbali imodzi imakhala itasanduka khala lochindikala mamilimita angapo, lakuda bii, long'ambika timizere. Mbali inayo imakhala yoyera. Ena amasiya khalalo choncho, ena amalikwecha ndi bulashi n'kupaka mafuta.

Moto umadya chakudya chimene nkhungu ndi tizilombo zimafuna pamwamba pa thabwa, ndipo khala lotsalalo silionongeka msanga ndi dzuwa kapena mvula, komanso siligwira moto mofulumira ngati thabwa losawaula. Lusoli linazilala nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, pamene zipangizo za m'fakitale zinachuluka, koma linadzukanso m'zaka za m'ma 2000 kudzera mwa katswiri wa zomangamanga Terunobu Fujimori. Lero makampani a ku Ulaya ndi ku America amagulitsa matabwa owaulidwa pa mtengo wokwera.

Kuwaula kuli ndi malire ake, ndipo ayenera kunenedwa. Mkati mwa thabwa mumakhala momwe munalili, ndiye chiswe chikapeza polowera, podulidwa ndi sowo kapena pong'ambika, chimadya. A ku Japan amadziwa zimenezi: matabwa awo sakhudza dothi, amayambira pamwamba pa maziko, ndipo denga limatuluka kwambiri kuti liwatchinge. Paini wowaulidwa sangafanane ndi mkungudza. Komabe pa mipanda, makola, timagolosale tamatabwa ndi makoma a nyumba zosungiramo katundu, zimene n'zambiri pa Ntaja, ku Nselema ndi ku Ulongwe, njirayi singafune ndalama ina kupatula chingwe, utuchi ndi ndowa ya madzi. Sukulu zophunzitsa ukalipentala ndi akatswiri a za nkhalango ku Zomba ayenera kuiyesa pa paini, bulugamu ndi malaina a kuno, n'kuuza amisiri mtengo umene ukupirira chiswe cha ku Machinga ndi umene ukulephera.