Jama Masjid ya ku Delhi

Allah akadzakupatsani ulendo wa ku Delhi, musakathere tsiku lonse pa Qutb Minar, nsanja ya mamita 73 ija. Kafikeni ku Jama Masjid. Adaumangitsa ndi mfumu Shah Jahan, yemwe uja wa Taj Mahal, kuyambira 1650 mpaka 1656. Bwalo lake limalowa anthu 25,000, ndipo pa Eid ena amaswalira pamasitepe.

Koma ife chimatikhudza n'cha 1857. Amwenye ataukira Angelezi n'kugonja, boma lidalanda mzikitiwu n'kuikamo asilikali. Zaka zisanu azana osamvekamo! Ena mwa Angeleziwo ankati ungogumulidwa basi. Udabwezedwa mu 1862, m'manja mwa komiti ya Asilamu amumzindamo.