Kufa Ziwalo

Mtsempha wa magazi ukatsekeka kapena kuphulika mu ubongo, munthu n'kulephera kusuntha mkono ndi mwendo, timati wafa ziwalo. Mawuwa amalongosola zimene maso akuona, koma amasocheretsa, pakuti chiwalocho sichinafe: chimene chavulala ndi mbali ya ubongo imene imachilamula. N'chifukwa chake nthendayi, yotchedwa sitiroko, ikagwira kumanzere kwa ubongo, kumanja kwa thupi ndiko kumalefuka. Mbali zina za ubongo zingathe kuphunzira ntchito yotayikayo wodwala akamachita mafizo mobwerezabwereza kwa miyezi ngakhale zaka.

Wina anganene kuti mawu sachiza, ndiponso ena sachira kotheratu. N'zoona, koma chimene tachitcha chakufa sitivutika nacho. Mmalawi wokhala ku Johannesburg akatuluka m'chipatala cha Charlotte Maxeke kapena cha Chris Hani Baragwanath ku Soweto, abale okhulupirira kuti mkono wafa amangomugoneka. Amene amvetsa kuti wangolefuka amamuperekeza ku mafizo, amamuyendetsa tsiku ndi tsiku, ndipo amamufunira magulu monga Headway Gauteng, othandiza ovulala ubongo. Tizinena kuti ziwalo zalefuka, chifukwa cholefuka chimafuna chisamaliro chosalekeza cha banja, mpingo ndi anansi.