Tinkaphunzira Giya ndi Makutu

Inu anyamata a kuno ku Kasisi, amene mukufuna kuphunzira galimoto zakale za giya ya pamanja, khalani pansi mumve mmene ife tinaphunzirira.

Pamene Bambo Jules Torrend ankatsegula mishoni ino mu 1905, katundu ankayenda pamutu ndi pangolo za ng'ombe. Ife tinakula galimoto zitafika kale, koma zinali zowerengeka: Land Rover, malole a Bedford, kenako Peugeot 404 ya giya ya pachiwongolero.

Mnyamata sankangofika n'kukhala pampando wa dalaivala, ayi. Ankayamba ndi kutsuka lole, kuthira madzi mu injini, kutchinga tayala ndi mwala pachitunda, ndi kupukusa handulo m'mawa batire ikafooka. Handuloyo inali ndi lamulo lake: chala chachikulu usachikolowetse pachitsulo, chifukwa injini ikabweza chimathyoka. Dzinja ndi chilimwe zinkatha iwe ukungoyang'ana mapazi a dalaivala.

Pa Land Rover zakale, zisanabwere za Series III mu 1971, giya yoyamba ndi yachiwiri sizinkalowa mwachisawawa. Potsitsa giya unkaponda kilatchi, n'kuchotsa giya, n'kusiya kilatchi, n'kuponda mafuta pang'ono kuti kulira kwa injini kugwirizane ndi liwiro la galimoto, n'kupondanso kilatchi, ndiye n'kulowetsa. Zonsezi m'kuphethira kwa diso, ndipo khutu ndilo linkakuuza nthawi yake. Ukaphonya, mano a giya ankakukuta mpaka olima m'munda kuweramuka, mphunzitsi n'kukutsitsa. Kukhwima kwako ankakuonera m'matope a ku Ngwerere, mvula itagwa usiku wonse.

Mafuta nawonso anali osaseweretsa. Ian Smith atagalukira Britain mu 1965, petulo anasowa m'dziko muno. Ankabwera m'madiramu pamalole kuchokera ku Dar es Salaam, pamsewu woopsa uja ankautcha Hell Run, mpaka paipi ya TAZAMA inatsegulidwa mu 1968. Wophunzira akamangoliza injini popanda chifukwa, tsiku limenelo maphunziro atha.

Galimoto za ku Japan zosintha zokha giya sindizinyoza, zapeputsa ntchito ndithu. Koma mathirakitala ambiri a m'mafamu a Chongwe ndi malole onyamula chimanga akufunabe phazi lamanzere, ndipo amene tikulidziwa luso limeneli tatsala ochepa. Tipezeni tikadali ndi mphamvu m'mawondo, ana anga, ndipo mubwere okonzeka kuyamba ndi chidebe cha madzi ndi nsanza.