Majini a m'machende ndi khansa ya melanoma

Maselo a m'thupi la munthu ali ndi majini ofanana, koma si onse amene amagwira ntchito paliponse. Pali gulu la majini limene mwa munthu wabwinobwino limagwira ntchito makamaka m'maselo opanga umuna m'machende. Pakhungu ndi m'ziwalo zina majiniwa amakhala otsekedwa ndi timankhwala totchedwa methyl tomata pa DNA. Selo likasanduka la khansa, timankhwalati timatha kumatuka, majini aja n'kudzuka n'kuyamba kupanga mapuloteni awo, ngakhale mwa mayi. Choncho puloteni wa m'machende akapezeka m'chotupa cha pakhungu, madokotala amayamba kukayikira khansa.

Loyamba mwa majiniwa, MAGE-1, analitulukira mu 1991 Pierre van der Bruggen ndi Thierry Boon ku Ludwig Institute mumzinda wa Brussels, pofufuza maselo a wodwala melanoma. Mu 1997 kunapezeka enanso awiri: PRAME, ndi NY-ESO-1 limene analipeza ku New York m'khansa ya kummero, matenda amene akusautsa kwambiri ku Malawi kuno.

Melanoma imayambira m'maselo opatsa khungu mtundu. Mwa azungu imabwera kawirikawiri ndi dzuwa, koma mwa anthu akuda imakonda malo obisika: kunsi kwa phazi, pachidendene, m'chikhatho kapena kunsi kwa chikhadabo. Woimba Bob Marley anamwalira nayo mu 1981, itayambira kuchala cha kuphazi. Apa ndiye pali vuto kwa mlimi wa fodya wa ku Kasungu, amene amathirira nazale, kupanga mizere ndi kuthyola fodya wopanda nsapato. Kadontho kakuda kuphazi amangoti ndi minga kapena chitsa chinamubaya, n'kumangapo kansanza. Kadonthoko kamakula, m'mbali mwake n'kukhala mokhotakhota, kenako n'kusanduka chilonda chosapola, mwanabele n'kutupa m'mphechepeche. Zikafika apo khansa imakhala itayenda kale.

Kuyeza kumafuna kudula kanyama pachotupapo. Odwala a pachipatala cha boma cha Kasungu amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, kumene labotale yoyeza tinyama totere inatsegulidwa mu 2011 mogwirizana ndi bungwe la UNC Project. M'malabotale amene amayeza PRAME, kanyamako amakacheka mopyapyala n'kukathira mankhwala ogwira puloteniyo, ndipo pakati pa selo la khansa pamasintha mtundu. Kafukufuku wa kuchipatala cha Memorial Sloan Kettering wa mu 2018 anapeza PRAME mu melanoma zoposa 8 mwa 10 zilizonse, ndipo mu za kuphazi ndi m'manja zinaposa 9 mwa 10, pomwe timadontho tambiri tosaopsa tinalibe. Komabe melanoma zina sizionetsa puloteniyu, motero dokotala sagamula ndi mayeso amenewa okha.

Katemera wa kampani ya GlaxoSmithKline wolimbana ndi MAGE-A3, puloteni wina wa gulu lomweli, sanathandize odwala melanoma, malinga ndi zotsatira za mu 2013. Chithandizo chodalirika chikadali opaleshoni yochotsa chotupacho chisanalowe mkati.