Mbiri ya Utsi M'nyumba Zathu

Yense amene adakulira m'tsinde mwa Phiri la Mulanje, mbali ya kuno ku Phalombe, amaidziwa mphepo ya chiperoni. Ikayamba kuwomba m'mwezi wa June, makolo athu ankasonkha moto pakati pa nyumba ndi kutseka chitseko. Nyumbazo zidalibe mazenera. Utsi unkadzipezera wokha njira m'denga la udzu, n'kusiya mwaye wakuda bii pamitengo ya denga.

Tisafulumire kuwaseka makolowo. Utsi unkapirikitsa udzudzu, unkateteza denga ku chiswe, ndipo mbewu ya chimanga ndi mapira yopachikidwa pamwamba pa mafuwa sinkafumbwa. Koma mtengo wake ankalipira ndi amayi ndi ana a kumsana: maso ofiira, chifuwa chosatha. Ife tidawonjezerapo nyali ya koloboyi. Tikawerenga usiku, m'mawa mphuno zinkakhala zakuda.

Malata atafala, utsi udasowa potulukira, ndipo khitchini yomangidwa padera idasanduka yofunika kwambiri. Pambuyo pake kudabwera chitetezo mbaula, youmbidwa ndi dothi, imene imadya nkhuni zochepa kusiyana ndi mafuwa. Mu 2013 boma lidatsimikiza kuti pofika 2020 m'dziko muno mukhale mbaula zamakono 2 miliyoni.

Kumaiko a azungu adatsata njira ina: kuusefa mpweyawo. Mu 1907 Frederick Cottrell wa ku America adakonza makina okoka fumbi ndi mphamvu ya magetsi. M'zaka za m'ma 1940, pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kudapangidwa sefa ya HEPA yoteteza anthu ogwira ntchito ya bomba la atomiki ku fumbi loopsa. Sefayi, imene idadzalowa m'zipatala, m'maofesi ndi m'nyumba, imakola tinthu tosaoneka ndi maso. Palinso sefa ya makala okonzedwa mwapadera, yoyamwa fungo. Zonsezi zimalira magetsi ndi ndalama zosinthira sefa ikatha, zinthu zimene mabanja ambiri kwa Nazombe kapena kwa Mkhumba alibe.

Nanga mbaula idathetsa vutoli? Pakati pa 2013 ndi 2016 akatswiri adachita kafukufuku m'midzi 150 ya ku Chikwawa ndi ku Karonga, wokhudza ana oposa 10,000 osafika zaka zisanu. Mabanja ena adapatsidwa mbaula zokhala ndi chokupizira moto, ena adapitiriza kuphika pamafuwa. Zotsatira zake zidakhumudwitsa ambiri: chibayo sichidachepe, ngakhale kuti ana opsa ndi moto adachepa. Ine sindidadabwe kwenikweni. Mwana amene wapulumuka ku utsi wa m'khitchini mwa amayi ake amakaupumanso kwa anansi, padzala pamene akutentha zinyalala, ndi m'minda pamene akuotcha mapesi chilimwe chikafika.