Kunena za vuto losatha m'Chichewa, Chingerezi ndi Chipwitikizi

Vuto losatha ndi vuto limene limapitirira kapena kubwerabwera, monga matenda, njala ndi kusefukira kwa madzi. Chichewa chimasonyeza zimenezi kwambiri ndi aphatikiri a mneni, pamene Chingerezi ndi Chipwitikizi zimawonjezera mawu apadera. Zinenero zitatuzi zimakumana pa nyanja ya Malawi: ku Nkhotakota ana amaphunzira Chingerezi kusukulu, koma kutsidya, ku Metangula m'chigawo cha Niassa ku Mozambique, anthu olankhula Chinyanja amaphunzira Chipwitikizi.

M'Chichewa

Mtsinje wa Dwangwa, umene unasefukira ndi kugwetsa nyumba mu 2024, ungakhale chitsanzo. Njira zazikulu ndi izi:

-ma- amasonyeza chizolowezi: Dwangwa amasefukira.
-be amasonyeza kuti chinthu sichinaleke: Dwangwa akusefukirabe.
-ngo- amawonjezera dandaulo: Dwangwa akungosefukira.
Kubwereza tsinde kumasonyeza kuti chinthu chimachitika kawirikawiri: mwana amadwaladwala.
Mneni "khala" amalumikiza kale ndi lero: mvula yakhala ikugwa.

M'Chingerezi

Mawu akuti "still" amagwira ntchito ya -be. Mneni "keep", wotsatana ndi mneni wothera ndi -ing, amafanana ndi -ngo-: "the river keeps flooding". Chiganizo choti "it has been raining" chimatanthauza kuti mvula yakhala ikugwa.

M'Chipwitikizi

Mawu akuti "ainda" amafanana ndi -be. Kupitirira kumanenedwa ndi mneni "continuar". Ku Portugal ndi ku Mozambique amati "continua a chover", pamene ku Brazil amakonda kunena "continua chovendo". Zonsezi zikutanthauza kuti mvula ikugwabe.

Pamene omasulira amaphonya

Chiganizo cha Chipwitikizi choti "tem chovido" chimaoneka ngati "it has rained" chifukwa mawu ake anayalidwa mofanana, koma tanthauzo ndi losiyana. Cha Chingerezicho chikhoza kunena za mvula imene yagwa kamodzi, pamene cha Chipwitikizi chimanena za mvula yobwerezabwereza mpaka lero. Apa Chichewa chimathandiza, chifukwa chimasiyanitsa "yagwa" ndi "yakhala ikugwa".

Kusiyanaku n'kofunika kuchipatala ndi m'makalata opempha thandizo. Wodwala akati "mutu wakhala ukundipweteka", womasulira n'kunena ngati wamupweteka kamodzi kokha, dokotala angaganize kuti vutolo ndi laling'ono pamene lakhalitsa.